Mvula Ikakuona Litsiro Sikata: Za Telala wa ku Katuli ndi Malaya Amodzi

Akuluakulu akale, pofuna kunena za munthu amene mavuto amugwera motsatizana, ankati mvula ikakuona litsiro sikata. Ambiri amaumva mwambiwu ngati dandaulo chabe, mawu odzitonthoza nawo tsoka likakhazikika pakhomo. Komatu mwambi uli ngati chinangwa: pamwamba pamaoneka masamba, chakudya chili pansi. Funso limene ophunzira miyambi sakonda kufunsa ndi lakuti, kodi mvulayo yaona chiyani pa munthuyo kuti ikane kukata? Mwambi sunatchule umphawi, sunatchulenso usiwa. Watchula litsiro.

Kwa Katuli, kum'mawa kwa boma la Mangochi kufupi ndi malire a Mozambique, kunali mkulu wina wosoka zovala pakhonde la sitolo. Makina ake a Singer anawagula ndi ndalama za ku migodi ya ku Joni, kumene anapita pa WENELA ali mnyamata. Anabwerera kumudzi pamodzi ndi anzake ambiri ndege itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Dr. Banda litaletsa zotumiza anthu ku migodiko. Kuyambira pamenepo mkuluyu sanachokenso pakhondepo. Anthu ankamudziwa ndi zinthu ziwiri: sankanama za tsiku lodzatenga chovala, chimene n'chosowa pakati pa matelala, ndiponso mkanjo wake woyera sunkaoneka ndi banga ngakhale m'mwezi wa October pamene fumbi limalowa mpaka m'mphika.

Udongo woterewu sunayambe ndi iye. Ayao anayamba kalekale kuyenda maulendo a malonda mpaka ku Kilwa ndi magombe ena a nyanja ya mchere, n'kumabwerako ndi nsalu ndi mikanda pamene ambiri kuno ankavala chiwondo ndi zikopa. David Livingstone atafika ku Mwembe kwa Mataka mu 1866 anapeza mfumuyo itavala ngati anthu a kugombe, ndipo nyumba zambiri zitamangidwa motengera komweko. Chisilamu chitazika mizu m'mayiko a Makanjira, Mponda ndi Jalasi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, chinabwera ndi mwambo wosamba m'manja, m'kamwa, kumaso ndi kumapazi asanapemphere, kusamba thupi lonse Lachisanu, kuwenga zikhadabo ndi kutsuka mano ndi kamtengo. Munthu amene wakula akuchita zimenezi kasanu pa tsiku safunikira wina womukumbutsa za madzi. N'chifukwa chake pa nthawi ya atsamunda nyumba zambiri za ku Zomba ndi ku Blantyre zinkafuna Myao pa ntchito yochapa, yosita ndi yophika, ndipo makonde a masitolo a Amwenye anadzaza ndi matelala ochokera chigawo chino.

Tsono mkulu uja anali ndi mdzukulu, mwana wa mwana wa mlongo wake, amene analemba mayeso a MSCE n'kukhoza bwino ndithu, koma anakhala zaka ziwiri pamudzi akuthandiza amayi ake kumunda. Anzake onse a msinkhu wake anali atapita ku South Africa, monga achitira anyamata ambiri a ku Mangochi, ndipo amayi ake ankadziwa kuti akapanda kupeza chochita chaka chimenecho nayenso adzagulitsa mbuzi n'kukwera basi. Mayiwa anali ataika kale m'manda mchimwene wawo amene anabwera kuchokera ku Joni ali m'bokosi. Choncho uthenga utafika woti mnyamatayo akaonekere ku ofesi ina pa boma, kumene ankafuna makalaliki, banja lonse linagona ndi nkhani imodzi.

Madzulo ake mnyamata anafika pakhonde, nakhala pansi chapatali monga mwa ulemu.

"Ambuje, ndaganiza zokabwereka suti kwa achimwene aja abwera ku Joni. Ali nazo ziwiri."

Mkuluyo sanayimitse makina msanga. Atamaliza mpendero umene ankasoka, anadula ulusi ndi mano, nati, "Achimwene akowo ndi amtali ngati mgwalangwa. Ukufuna ukaime pamaso pa anthu ndi mapewa a eni? Pita ukatenge malaya ako a kusukulu aja, ndi buluku lakuda."

"Ambuje, kolala yake inatha."

"Ndati ukatenge."

Apa mpamene pali kusiyana kwa mawu awiri amene achinyamata a masiku ano amawasokoneza, kutchena ndi udongo. Kutchena kumafuna ndalama, kapena mnzako wa ndalama. Udongo umafuna madzi, sopo wa theka, singano ndi nthawi. Momwemonso usiwa ndi uve si pachibale. Wausiwa anthu amamumvera chisoni, pakuti kusowa chovala kumagwera aliyense. Wauve amamuthawa, ndipo sauzidwa chifukwa chake. Chowawa chake n'chimenecho: palibe amene amakuuza kuti wakanidwa chifukwa cha fungo la m'khwapa. Amangoti tidzakuitanani. Munthu amabwerera kwawo n'kumati ndalodzedwa, mvula n'kumangovumba.

Malaya atabwera, mkulu uja anawayang'ana pa dzuwa ngati sing'anga woyeza wodwala. Anasula kolala yonse ndi lezala mosamala, naitembenuza kuti mbali yoperepeseka ipite kunsi, n'kuisokanso. Luso limeneli linali lodziwika kwa telala aliyense m'masiku amene nsalu ya David Whitehead inkagulidwa kamodzi pa chaka, fodya kapena thonje zikagulitsidwa. Kaunjika atachuluka m'misika, anthu analeka kukonza chovala, nayamba kutaya ndi kugula china. Kaunjika wathandiza amphawi, zimenezo n'zosatsutsika. Koma waphunzitsanso anthu kuvala chilichonse chimene dzanja lagwira pa mulu, chachikulu kaya chaching'ono, pamene telala wa pakhonde akhoza kuchepetsa malaya m'chiuno ndi kupinda buluku pa mtengo wochepa kuposa wa chovalacho. Chovala chokwana bwino, ngakhale chakale, chimaposa chatsopano cholendewera.

Kenaka mabatani. Awiri anali osiyana ndi anzawo, limodzi losokedwa ndi ulusi wofiira. Mkuluyo anachotsa onse, natsegula chitini chake cha mabatani a zaka makumi anayi, nasankha asanu ndi limodzi ofanana. Buluku analiyeza pa mnyamatayo atavala nsapato, kuti mpendero ugwe pamwamba pa nsapato osakwekwereza pansi. Za lamba ananena mawu amodzi okha, kuti malo a lamba ndi m'chiuno. Khalidwe lokhwefula buluku mpaka kabudula wam'kati kuonekera mkuluyu sankalitchula n'komwe. Ankangotembenuza nkhope ngati wamva fungo.

Kuchapa inali ntchito ya amayi a mnyamatayo, ndipo anaichita monga anaphunzirira kwa amayi awo. Choyera chimachapidwa pachokha, poyamba, madzi asanade. Kolala ndi m'mapeto mwa manja zimapakidwa sopo n'kusiyidwa kanthawi zisanafikisidwe, pakuti litsiro la thukuta silichoka ndi mphamvu, limachoka ndi kudekha. Potsukuluza komaliza anasungunulamo kabuluu pang'ono kuti kuyera kuwale, ndiponso madzi a ufa wa chinangwa wophikidwa mopyapyala kuti nsalu iume molimba. Azimayi a kale ankadziwa zambiri zotere zosalira ndalama: masamba a chewe otsukira tsitsi, mafuta a nsatsi odzola, mwala wokwechera zikang'a kumtsinje, ndi kamangidwe ka chitenje koti m'munsi mukhale mofanana, osati mbali ina kukwera ina kutsika. Mayi wovala chitenje chimodzi chochapa ndi duku lomanga bwino ankalowa pabwalo la mfumu mutu uli m'mwamba.

Malayawo anayanikidwa pa chingwe, padzuwa. Pamenepa pali chifukwa chimene ana asukulu ayenera kuchidziwa. Kuli ntchentche ina imene imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo, kapena pa zovala zachinyezi zoyanikidwa pansi ndi pamthunzi. Munthu akavala chovalacho, timphutsi timaboola khungu n'kukulira momwemo, pamatuluka chotupa chonga chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Azungu anaitcha putzi, dzina lomveka ngati mawu akuti mphutsi. Kutentha kwa simbi kumapha mazirawo, n'chifukwa chake amayi ozindikira amasita ngakhale matewera ndi zovala zam'kati, mbali zonse ziwiri. Anthu amene amati kusita ndi matama a anthu a m'tauni sanaonepo khanda likulira ndi mphutsi kumsana.

Usiku womaliza unali wa simbi. Simbi ya makala ili ndi mwambo wake, ndipo mkulu uja sankalola munthu kuugwira mwachibwana. Makala ayenera kuyaka mpaka utsi utatha, phulusa liuziridwe kunja, kunsi kwa simbi kupukutidwe pa kansalu kakale. Kutentha kumayesedwa pa chigamba, osati pa malaya. Amayamba ndi kolala, kenaka mapewa, manja, kumbuyo, kutsogolo pomaliza, akuwaza madzi ndi zala pamene nsalu yauma kwambiri. Buluku lakuda limasitidwa pamwamba pa kansalu konyowa, kuopa kuti lingayambe kunyezimira ngati msana wa mlamba, ndipo mzere wake ukhale umodzi. Mizere iwiri pa mwendo umodzi, mkuluyo ankati, imaonetsa munthu wa mitima iwiri. Kumeneko kunali kuseka chabe, koma anyamata amene anamva mawuwo sanaiwale.

Akusita, mnyamatayo anakhala pambali akupukuta nsapato zake za Bata za ku sekondale. Agogo ake anamuuza achotse zingwe azichape pazokha, atsuke matope a m'mphepete ndi mswachi wakutha, apake polishi pang'ono, adikire, kenaka akweche ndi nsalu yofewa mpaka aone nyali m'menemo. Anamuyang'ananso zikhadabo, kuseri kwa makutu ndi m'khosi, monga ankachitira aphunzitsi a kale pa mzere wa m'mawa ana asanalowe m'kalasi. Mwambo umenewu unafooka sukulu za pulayimale zitakhala zaulere mu 1994, pamene ana anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, yunifolomu n'kuleka kukhala yokakamiza. Mphunzitsi mmodzi sangayang'ane zala za ana 150 n'kukhalanso ndi nthawi yophunzitsa masamu. Ntchitoyo inabwerera kumakomo, ndipo makomo ena sanazindikire kuti yabwerera.

Ena amati udongo unatha pamene lamulo la kavalidwe la 1973 linathetsedwa pambuyo pa riferendamu ya 1993. Lamulo lija linkaletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo pa nthawi yomweyo amuna a tsitsi lalitali ankametedwa mokakamiza. Koma lumo la wapolisi silinaphunzitsepo munthu kusamba. Anthu a kwa Katuli ankachapa mikanjo yawo lamulolo lisanabwere, ndipo akuchapabe litapita. Chimene chimasungidwa ndi mantha chimatha tsiku limene mantha atha.

M'bandakucha mnyamata anasamba, natsuka m'kamwa, napaka ndimu m'khwapa monga anamulangizira amayi ake, nafuna kuvala malaya aja. Agogo ake anamugwira dzanja.

"Ukavale pano, ukafika ku boma uli wofiira ngati chiswe. Vala zakumunda."

Malaya ndi buluku anazipinda bwino, nazikulunga m'nyuzipepala, n'kuziika m'jumbo pamodzi ndi chipeso, kansalu kopukutira nsapato ndi kampango. Anamuuza kuti akatsika zitunda za Chowe n'kuwoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, akapemphe malo kwa wachibale wawo wokhala pafupi ndi msika, akasambe kumaso ndi kumapazi, akavale kumeneko, ndipo akayende wapansi pang'onopang'ono kuti asafike ali thukuta kamukamu. Pajatu kuona maso a nkhono n'kudekha. Anamuuzanso kuti akalowa asakhale asanauzidwe, asaike manja m'thumba, ndipo foni ikhale yozima.

Anabwerako usiku. Anthu oyesedwa anali ambiri, malo anali awiri okha. Panali ena a masuti, anatero mnyamatayo, ndipo mmodzi manja a jekete ankabisa zala. Panalinso wina wonunkhira mafuta okwera mtengo amene anathiridwa pa thupi losasamba, kotero kuti anthu pa benchi ankasendera. Akale anati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Iye, anati, sanachite manyazi ndi kanthu. Atafunsidwa anayankha ali chilili, osaganiza za kolala. Mkulu uja sanafunse za mafunsowo. Anatenga malaya, nayang'ana m'khosi, nati achapidwe usiku womwewo thukuta lisanagone m'nsalu.

Yankho linabwera patatha mwezi, ndipo silinali labwino. Amayi ake analira mobisa, ndipo nkhani ya mbuzi ndi basi inayambanso kumveka pakhomo. Koma mvula isanagwe kunamveka za malo ena, kwa wamalonda wina wa ku Namwera amene ankafuna mnyamata wolemba katundu. Ulendo uno mdzukulu sanatchule za suti. Anabwera yekha pakhonde madzulo, napempha simbi, nakoleza makala. Mkulu uja anakhala pa makina ake ngati sakuona, akusoka chinthu chimene sichinkafunika kusokedwa. Fungo la nsalu yopserera litamveka, phazi lake linaima pa chopondera, koma sanatembenuke.

"Ambuje, ndawotcha."

"Pati?"

"Kumunsi, kumbuyo."

"Kumeneko kumalowa m'buluku. Chepetsa makala, upitirize."