Gudumu limodzi, mphero imodzi

Chomwe ndimaikondera mod (chowonjezera pa masewera) ya Create mu Minecraft n'chakuti mphamvu yake imaoneka ndi maso. M'ma mod ngati Thermal Expansion mphamvu ndi nambala chabe, RF, yoyenda mwakachetechete m'mawaya. Mu Create chilichonse chimazungulira. Madzi akankha gudumu, gudumu litembenuza shafiti, magiya alumana mano mpaka mphero iyamba kupera tirigu.

Gudumu laling'ono la madzi limayenda pa 8 RPM (kuzungulira ka 8 pa mphindi) ndipo limapereka 256 SU (muyeso wa mphamvu mu Create). Mphero imadya 4 SU pa RPM iliyonse. Ndiyetu ukalumikiza giya yaikulu ku yaing'ono liwiro limawirikiza kawiri, koma ndi katundu yemwe amalemera kawiri. Pofika 64 RPM, mphero imodzi yokhayo yamaliza mphamvu yonse ya gudumu. Ukangowonjezerapo kamakina kena, zonse zimaima nthawi imodzi, ngakhale lamba wonyamula miyala amene ali kutali uko. Koma mod ya IndustrialCraft 2 ndiye ilibe chisoni, makina ukawapatsa magetsi opitirira muyeso wake amaphulika.

Ine ndimaona kuti masewerawa ndi abwino kwambiri kwa ana. Mwana amazindikira yekha, popanda womuuza, kuti giya siipanga mphamvu, imangosinthanitsa liwiro ndi nyonga, monga zimakhalira pa njinga ukamakwera chitunda. Anzanga amene makina akukuimirani, musalimbane ndi magiya. Ikani gudumu lachiwiri pa shafiti yomweyo, mupeza 512 SU.