Ndodo ya Amalume

Amalume atamwalira mu 2011, abale anagawana njinga, wailesi ndi malata. Ine, mwana wa mlongo wawo, anandiponyera ndodo yowedzera nsomba imene inkakhala kudenga m'chithumba chansalu. Palibe anailimbirana. Ena anaseka kuti ndalandira nsungwi ya mzungu.

Sinali nsungwi ayi. Ndi ya fiberglass, timaulusi tagalasi tomatidwa pamodzi, yotalika pafupifupi mamita anayi, ndipo chogwirira chake chimafuna manja onse awiri. Amalume anali khukhi wa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi. Loweruka ankakwera naye phiri la Mulanje atasenza katundu, kukawedza trout, nsomba yochokera ku America imene atsamunda anaithira m'mitsinje yozizira ya Zomba, Mulanje ndi Nyika. Nyambo yake si nyongolotsi koma nthenga zomangidwa pambedza kuti zioneke ngati kachilombo kogwera pamadzi. Kunena zoona, ndodoyi inali yaitali kwambiri pa timitsinje tam'phiri, ndipo ndikuganiza kuti n'chifukwa chake bwanayo sanadandaule kuisiya pobwerera kwawo. Amalume ankayembekezera ndalama.

Ndinadabwa nditakula kumva kuti ndodo zamtunduwu zinayambira pamtsinje wa Spey ku Scotland, dziko lomwe lija kunachokera amishoni amene anatibweretsera tchalitchi ndi chipatala pano pa Mulanje Mission. Kumeneko mitengo ya m'mbali mwa mtsinje inkakola chingwe, choncho anapeza njira yoponyera chingwecho osachibweza kumbuyo. Amalume sanamvepo za Spey, koma mabango a mtsinje wa Ruo anawaphunzitsa zomwezo. Nthenga anazitaya. Ankamanga ngumbi kapena nyongolotsi, n'kumakoka milamba ndi ndodo yopangidwira nsomba za salmon.

"Mphwanga, usaikakamize," ankatero ndikamaponya mwaphuma. "Ilekere ipinde, imalize kulankhula."

Apa ndi pagona kukoma kwake. Ndodo za graphite zimene zinabwera m'zaka za m'ma 1970 n'zopepuka ndi zachangu, koma sizidikira munthu, komanso sizichedwa kuthyoka zikagunda mwala. Iyi ndi yolemerako, imapinda pang'onopang'ono mpaka pachogwirira, ndipo mlamba ukagwedeza mutu pansi pamadzi umaumva m'zigongono. Amalume atakalamba manja ankanjenjemera moti kapu ya tiyi ankaitaya. Koma akaima m'madzi, dzanja lamanja pamwamba, lamanzere pansi, thupi lokha ndilo linkatembenuka, chingwe n'kuyenda bwinobwino kukagwa kutsidya. Kumtsinje kokha ndi kumene sindinkawamvera chisoni.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatigwetsera khoma la nyumba ndi kukokolola chimanga m'dimba. Ndodo tinaifukula m'matope ili yosathyoka. Chaka chomwecho mlendo wina wokwera phiri, atamva mbiri yake kwa onyamula katundu a ku Likhubula, anadzafuna kuigula. Ndalama imene anatchula ikanakwana matumba angapo a simenti. Mkazi wanga anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana pansi. Ndinati ndiganize kaye, mlendoyo n'kupita.

Khomalo tinamangira dothi. Mayi a kunyumba nkhaniyi sanaiiwale, ndipo amaikumbutsa mvula ikayamba. Loweruka lapitali ndinatenga mwana wa mlongo wanga kupita naye ku Ruo. Anagwira ndodo ndi dzanja limodzi, naikwapula ngati akuthamangitsa mbuzi, chingwe n'kumuzinga m'khosi. Ndinamugwira dzanja lamanzere lija n'kuliika pansi pa chogwirira.