Ulendo wa ku Dzalanyama ndi Nkhokwe ya Chipatala

Amayi anzanga, mukadzapeza mpata, mudzakwere basi mumzinda wa Lilongwe kuloŵera kumwera mpaka pa Mitundu, pafupi ndi phiri la Bunda. Mukaponya maso chakumadzulo mudzaona mapiri a Dzalanyama atandanda m'malire a dziko lathu ndi Mozambique. Makolo a Chicheŵa ankati anthu oyamba anatsikira pa Kaphirintiwa, m'mapiri omwewo. M'nkhalango imeneyo ndimo muchokera mtsinje wa Lilongwe, umene madzi ake amasungidwa m'madamu a ku Malingunde asanafike m'mipopi ya mumzinda.

Musafulumire kubwerera. Taimani kaye pa chipatala cha Mitundu, kapena cha Nathenje pa mseu wa ku Dedza, muone amayi oyembekezera ndi ena obereka ana kumbuyo ali pamzere wa sikelo. Ena mwa iwo amalaŵira mbandakucha kuchokera kumidzi yakutali. Matenda akakula, wodwala amatumizidwa mumzinda. Nanga ambulansi yomunyamulayo amaigulira mafuta ndani? Amaŵerengera ndani kuti mankhwala a malungo akwanire dzinja lonse?

Dotolo amachiza, namwino amasamala, koma pafunikanso wina wosunga nkhokwe ya chipatala. Inu amayi ntchito yotere mumaidziŵa, pakuti ndinu mumayesa ndi maso ngati chimanga chifika mwezi wa February, ndi kuchepetsa mtanda njala isanagogode. Kolera amene anabuka m'chaka cha 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pofika 2023 anatiphunzitsa kuti chipatala chosakonzekera chimathedwa nzeru, ngakhale antchito ake akhale akhama chotani.

Luso limeneli lili ndi sukulu yake. Kamuzu University of Health Sciences, imene inayamba m'chaka cha 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing, ili ndi digiri yachiŵiri yotchedwa MBA, ya kayendetsedwe ka ntchito zaumoyo. Amaloŵako ndi amene ali kale ndi digiri yoyamba. Pa maphunziro otere munthu amazoloŵera kukonza bajeti, kugula ndi kusunga katundu, kutsogolera antchito, ndiponso kuŵerenga malipoti kuti vuto alionere patali.

Njira yake ndi yaitali ndipo imalira ndalama, koma imayambira pakhomo panu. Mwana wamkazi wakuthwa pa masamu musamuthamangitsire kubanja. Mlekeni amalize Folomu 4 napitirire. Ngati mpongozi wanu ndi namwino wofuna kubwerera kusukulu, mulandireni ana, ndipo mulankhule ndi mwana wanuyo kuti amulole ndi mtima woyera. Paja mutu umodzi susenza denga.

Pobwerera madzulo, mudzacheukirenso mapiri aja. Mayi wa kutsinde kwake, mimba ikadzavuta pakati pa usiku, adzadalira munthu amene anakumbukira kugula mafuta a ambulansi. Munthuyo akhoza kudzakhala mwana wanu.