Zilembo za m'nthiti mwa minibasi

Maminibasi ambiri a ku Ndirande, Bangwe ndi Machinjiri ndi akaunjika ochokera ku Japan, ndipo ena amafika atavala zilembo za kwawo m'nthiti. Timakwera, kulipira, kutsika pa Ginnery Corner, osafunsa kuti zilembozo zikuti chiyani. Koma abale, munthu wodyera cholembera ngati ine kukhala mbuli pamaso pa zolembedwa, mtima suvomera.

N'chifukwa chake usiku, magetsi akalola, ndimadziyesa mayeso a zilembozi, zotchedwa kanji, pa intaneti. Foni imaonetsa chilembo n'kufunsa tanthauzo ndi kawerengedwe kake. Chilembo cha phiri, mizere itatu yoimirira pa mzere wogona, chikakhala chokha chimawerengedwa yama, koma chikatsatira dzina la Fuji chimasanduka san. Chili ngati mayi amene kutchalitchi amamutchula dzina la mwamuna wake, kumudzi n'kumamuitana ndi mfunda.

Mndandanda umene boma la Japan linatulutsa mu 2010 uli ndi zilembo 2,136. Bandulo yanga imatha msanga, ndipo ndalama yake ndi ya ndiwo. Mayi a kunyumba amafunsa, "Bambo, kodi Chijapanizicho tidya?"

Sitidya ayi. Koma kuyambira 1971 achinyamata a ku Japan akhala akubwera kuno kudzagwira ntchito mongodzipereka, ndipo ambiri amaphunzira kutilonjera m'Chichewa. Ife injini zawo tazidziwa mpaka kabawuti kotsiriza, mawu awo ayi. Kwathu kuno mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu.