Sikelo ya thonje ndi chisomo

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, Katete yonse imakhala pa sikelo. M'mbali mwa Great East Road, pa njira yopita ku Chanida, ku Sinda, ku Vubwi, mtengo uliwonse wa mthunzi umapachikidwa sikelo. Soya, chimanga, mpendadzuwa, nshawa, thonje. Wogula wina amasewera ndi sikelo kuti thumba la makilo 50 lionetse 47. Mlimi wina naye amawaza madzi pa thonje usiku kapena kubisa mchenga pakati pa thumba. Mukawafunsa, wogula akuti alimi amanyowetsa, mlimi akuti ogula amaba. Pa Sondo onse awiri ali pa benchi imodzi, akuimba bwino ndithu.

Tikatsegula mafoni pa wailesi kuti anthu alankhulepo, pali funso limene silisowa, ndipo kawirikawiri amalifunsa ndi achinyamata. Abusa amatiphunzitsa kuti munthu sapulumuka ndi ntchito zake zabwino, amapulumuka mwa chisomo. Nanga ngati zili tero, kukhulupirika kumatithandiza chiyani? Wina anachita kulilunjika: kumudzi kwawo kunali mdala woyeza thonje amene sanabepo kilo ya munthu zaka zonse, koma anali wa gule wamkulu ndipo m'chechi sanapondemo. M'mudzi momwemo muli mkulu wa mpingo amene sikelo yake aliyense amaidziwa. Ndani mwa awiriwa, anafunsa, ali pafupi ndi Mulungu? Foni inaduka, mwina talk time inatha, koma funso linatsala mu studio.

Chiphunzitso chimenechi si chachilendo kuno. Amishonale a mpingo umene lero ndi Reformed Church in Zambia anayamba ntchito ku Magwero mu 1899, kenako anafika ku Madzimoyo ndi ku Nyanje, m'boma la Sinda. Anabwera ndi mfundo imene Martin Luther anayambanirapo ndi akulu a mpingo kuyambira mu 1517, pamene anthu ankagulitsidwa makalata ochotsera chilango cha machimo: kuti chipulumutso sichigulidwa, ndi ndalama kapena ndi khalidwe. Ndipo lero si nkhani ya mpingo umodzi. Mu 1999 Akatolika ndi Alutere anasaina chikalata ku Augsburg chovomerezana kuti munthu amalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo, osati chifukwa cha kuyenera kwake.

Vuto ndi lakuti ife a kum'mawa tinaphunzira za mphatso kusukulu ya thonje. Kuyambira pamene Lintco inagulitsidwa mu 1994, makampani akhala akupatsa mlimi mbewu ndi mankhwala mvula isanagwe. Pa tsiku lolandira zimaoneka ngati zaulere, palibe amene amatulutsa ngwee. Koma dzina lalembedwa m'buku, ndipo pogulitsa amayamba achotsa zawo. Makolo athu nawo anati kupatsa ndi kuika. Choncho tikamva kuti Mulungu wapereka, mtima umayamba kufunsa kuti adzachotsa zingati. Ambiri timapemphera ngati alimi a ngongole: kwaya, chakhumi, kudyetsa alendo a msonkhano, zonse ngati matumba opita ku depoti kuti buku litsekedwe.

Ndiye pali gulu lina, limene linaona kuti ngongole itha kuthawidwa. Mlimi watenga mankhwala ku kampani iyi, thonje akagulitsa kwa wogula wina amene sadzachotsa kanthu. Tisafulumire kumuweruza. Mu 2012 mtengo wa thonje unagwa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi chaka chapitacho, ndipo alimi ena anafika potentha thonje lawo ndi mkwiyo. Munthu amene walima miyezi isanu ndi umodzi n'kupeza kuti zonse zathera ku ngongole amayamba kuona chinyengo ngati njira yopezera chakudya cha ana. Koma maganizo omwewo akalowa m'chechi amabala zina: landira chikhululukiro kuno, moyo ukagulitse kwina, palibe adzakutsata. M'busa wa ku Germany, Dietrich Bonhoeffer, amene anaphedwa ndi boma la Hitler mu 1945, anachitcha chisomo chotchipa. Mkulu wa mpingo wa sikelo yopindika uja ndiye kasitomala wake.

Magulu onse awiri amaona Mulungu ngati kampani. Oyamba akuyesa kubweza, achiwiri akuyesa kuzemba. Ife tikuona kuti nkhani ya Zakeyu, imene ana a Sande sukulu amaikonda chifukwa cha kufupika kwake ndi mtengo wa mkuyu, ikunena china. Zakeyu anali wa sikelo yopindika wa nthawi yake, wokhometsa msonkho amene ankaonjezerapo zake. Yesu sanamuuze kuti ayambe wabweza ndipo pambuyo pake adzabwera kunyumba kwake. Anayamba ndi kudziitanira yekha kwa iye, anthu akung'ung'udza. Kubweza kunabwera pambuyo, ndipo taonani kumene ndalama zinapita. Sizinapite kwa Yesu. Theka la chuma linapita kwa osauka, ndipo amene anawabera anawabwezera kanayi. Mulungu analibe buku loti litsekedwe. Amene anali ndi buku anali anthu a mu Yeriko.

Apa ndiye pamene kukhulupirika kumalowera. Makilo atatu aja sasowa kumwamba. Amasowa m'nyumba ya mayi wamasiye wa kwa Kawaza amene anawerengera kale kuti pa matumba khumi apeza yunifomu, sopo ndi thiransipoti yopita ku St Francis. Matumba khumi, makilo 30 apita. Munthu akanena kuti anakhululukidwa koma mayi uja sanaone kusintha kulikonse pa sikelo, tili ndi ufulu wofunsa kuti chimene analandiracho n'chiyani kwenikweni.

Palinso china chimene sitimva kawirikawiri pa guwa. Munthu amene akhulupirira kuti adzapulumuka ndi ubwino wake sangakwanitse kunena zoona za iye mwini, chifukwa choona chilichonse choipa chimamuchotsera mamakisi. Ayenera kunyowetsa thonje la mbiri yake kuti lilemere. N'chifukwa chake maumboni ambiri m'machechi athu amakamba za machimo akale, a zaka khumi zapitazo, mowa ndi fodya, osati za sikelo ya Lachiwiri lapitali. Wolandiridwa kale alibe chifukwa chonamizira kulemera. Angathe kuima n'kunena kuti ndinaba, ndipo ndinabera uje. M'dziko limene linalengezedwa kukhala lachikhristu mu Disembala 1991, mawu otere akanayenera kumveka kawirikawiri kuposa m'mene timawamvera.

Za mdala wa gule uja, pali oimba foni amene amafuna kuti titseke nkhani ndi chiweruzo, kumoto kapena kumwamba. Ife timakana. Chiphunzitso cha chisomo chomwecho chimatilanda mpando woweruzira: ngati palibe amene amalowa chifukwa cha ntchito zake, ndiye kuti khadi la umembala nalonso si tikiti. Chimene tingachitire umboni ndi chimene mudzi wonse unaona, kuti amayi ankayenda mtunda wautali ndi thonje pamutu, kudutsa masikelo ena awiri, kuti akayezetse kwa iye. Yesu mwini, pofuna kuonetsa mnansi weniweni, anasankha Msamariya, munthu wa kunja kwa mpingo wa omvera ake.

Inu a ku Lusaka ndi ku Chipata amene mumatumiza ndalama kumudzi kuti abale akugulireni soya yoti mukagulitse, mumafunsa mtengo wa pa kilo tsiku lililonse pa WhatsApp. Chaka chino funsaninso kuti sikeloyo ndi ya ndani, ndipo anaiyeza liti a Zambia Metrology Agency.