Nyimbo za manganje ndi za yani?

Abale anga a kwa Kawinga, pali nkhani imene yandisowetsa tulo kuno ku Joni. Pa lesitilanti imene ndimagwira ntchito, bwana wanga amalipira laisensi ku bungwe la SAMRO chifukwa chongoika nyimbo zoti makasitomala azimva akamadya. Nditaona pepalalo ndinakumbuka pa Ntaja, pomwe umangopereka memory card kwa mnyamata wa kompyuta, iye n'kukudzazira nyimbo mazanamazana, woimba wake osaonapo ngakhale tambala.

Kwathunso lamulo lilipo. Bungwe loteteza ufulu wa aluso la COSOMA linakhazikitsidwa mu 1992, ndipo mu 2016 kunabwera lamulo latsopano loteteza ntchito za aluso. Wokopera nyimbo za mnzake n'kumagulitsa akudya thukuta la mwini, pamenepo sinditsutsa. Anthu akuno anaphunzira movutikira. Solomon Linda anajambula "Mbube" mu 1939, nyimboyo inakafika ku America mpaka kulowa mu filimu ya The Lion King, koma iye anamwalira ali mmphawi mu 1962. Ana ake anadzapezapo kanthu kooneka mu 2006, nkhani itapita kukhoti.

Koma chimene chikundiwawa ndi china. Kukopera n'kwina, kubwereka n'kwina. Mu 2020 Patience Namadingo anakhala pansi ndi agogo Giddes Chalamanda n'kuimbanso nyimbo zawo zakale, ndipo "Linny Hoo" inazungulira dziko lonse pa TikTok. Ndinaimva ikulira mu foni ya Mzulu wina mu takisi, misozi inalengeza. Namadingo anachitanso chimodzimodzi ndi malemu Lucius Banda wa ku Balaka. Anapita kwa eni ake, anaimba nawo limodzi, ulemu unabwerera kwa eni nyimbo.

Nanga manganje athu? Anamwali akamatuluka ku ndagala, amayi amatenga nyimbo ya chaka chatha, n'kusinthamo mawu, kuikamo za njala, za mwamuna amene anapita ku Joni osatumiza kalikonse. Palibe amapempha chilolezo, ndipo ndi mmene nyimbozo zakhalira ndi moyo kuyambira makolo. Lamulo limati nyimbo za makolo zili m'manja mwa boma m'malo mwa Amalawi onse. Ndiye mnyamata wa ku Liwonde akatenga manganje n'kuikamo biti ya amapiano, ikagunda pa YouTube, mayi amene anapeka mawuwo kumudzi amutchula ndani? Boma silinavinepo pabwalo lathu.

Ine sindikufuna mnyamatayo aletsedwe. Aimbe, asakanize, koma apite kumudziko, atchule mudzi ndi amayiwo, ndipo kakabwera kangachepe akawagawireko. A COSOMA nawonso afike pa Ntaja ndi pa Nselema, adzalembe oimba a kumudzi, chifukwa ambiri sadziwa n'komwe kuti nyimbo imalembetsedwa.

Ndikubwera mu Ogasiti, nyengo ya zinamwali. Achemwali anga, muwauziretu amayi a ku bwalo kuti ndikadzajambula, aliyense adzayamba watchula dzina lake ndi mudzi wake.