Galu wa aneba, nkhuku za azakhali

Ku Mabvuku, kum'mawa kwa Harare, anthu amaweta agalu kuti azithamangitsa akuba. Masana galu amakhala pa unyolo kuseri kwa nyumba, atapatsidwa mkute wa nsima, mwina osapatsidwa kanthu. Usiku mwini wake amamumasula kuti alondere. Koma galu wanjala sakhala pakhomo. Amakwawira pansi pa mpanda, n'kukafika pamene pakununkhira nkhuku.

Azakhali anga amaweta nkhuku zachikuda, zimene kuno amazitchula kuti roadrunner. Makolo awo anachokera ku Nyasaland m'nthawi ya chitaganya cha 1953 mpaka 1963, monga mabanja ambiri a ku Mabvuku ndi Tafara, ndipo khola lawo ndi lija lakwathu lokwera pa mitengo, kungoti denga ndi la lata lakale. Nkhukuzo ndi ndalama ya sukulu ya adzukulu awo, ndiponso ndiwo ya mlendo.

M'mwezi wa June galu wa aneba anapha nkhuku zinayi usiku umodzi. Imodzi inali thadzi limene linali litafungatira mazira khumi kwa masabata awiri. Nkhuku imaswa pa masiku 21, ndiye kuti panatsala sabata imodzi yokha.

Anebawo si munthu woipa. Anabwera m'mawa, chipewa kumanja, n'kunena mawu amene mwini galu aliyense mu Harare amawadziwa pamtima: imbwa yangu hairume, galu wanga saluma. Azakhali anawayankha modekha kuti, "Bambo, anthu sawaluma, tamva. Nanga izi zagona apazi zadziluma zokha?"

Analipira mtengo wapamsika wa nkhuku zinayi, ndipo mumsewu monse anawayamikira. Ine ndi pamene ndimatsutsa. Nkhuku yachizungu umagula anapiye lero, pakatha masabata 6 wagulitsa. Yachikuda imafuna pafupifupi theka la chaka kuti iyambe kuikira, ndipo thadzi lodziwa kulera anapiye silipezeka pamsika, chifukwa amene ali nalo saligulitsa. Mazira khumi aja sanawerengedwe n'komwe. Kenaka azakhali ndi amene anagula waya wa sefa, nalipira mnyamata wokumba ngalande kuzungulira khola kuti wayayo alowe m'nthaka, poti galu akalephera kudumpha amafukula. Mwala wolemera pakhomo la khola ananyamula okha. Galu uja akumasulidwabe usiku uliwonse.

Malamulo a mzinda alipo: galu akhale ndi chiphaso, abayidwe katemera wa chiwewe, asamayendeyende m'misewu. Koma kukasuma mneba n'kovuta pamalo pamene nyumba zili phewa ndi phewa, madzi kumipope amasowa, ndipo mawa mukakumana pamzere wa pamjigo kapena pamaliro. Ena amangotchera nyama yothira mankhwala usiku. Ndimadana nazo kwambiri zimenezi: galu amafa imfa yowawa chifukwa cha njala imene sanaisankhe, ndipo pabwalo pomwepo pamakwawa ana.

Zimene ndikanapempha anebawo ndi zochepa. Amudyetse galuyo madzulo asanamumasule, atseke dzenje la pansi pa mpanda wawo, ndipo mtengo wa waya uja agawane ndi azakhali. Ndinawauza azakhali kuti ndipite ndikanene zimenezi. Anandiletsa. Anati mkazi wa anebawo ndi amene amawasungira malo pamzere wa madzi.